Sayyid Muhammad Abdullah Hassan: Shehe amene analimbana ndi atsamunda kwa zaka 21

Chiyambi

M'mutu uno muwerenga mbiri ya Sayyid Muhammad Abdullah Hassan, shehe wa ku Somalia amene anayamba ngati mlaliki wofuna kukonza chipembedzo cha Chisilamu, koma anathera pa nkhondo yolimbana ndi Britain, Ethiopia ndi Italy kuyambira 1899 mpaka 1920. Mwina mukudabwa kuti ife a kuno ku Mutare, nkhani ya ku Somalia ikutikhudza bwanji. Ikutikhudza ndithu. Ena mwa asilikali amene Angerezi anawatuma kukamenyana ndi munthu ameneyu anali anyamata a ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ndipo ambiri a iwo anafera komweko. M'makalasi mwanu muli ana amene agogo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi ku njanji, ndipo ena mwa anawo ndi Asilamu. Choncho mbiri iyi ndi yawonso.

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno muyenera kutha kuchita izi: kufotokoza zimene Sayyid ankafuna kukonza m'chipembedzo, kutchula zifukwa zimene ulaliki wake unasandukira nkhondo, kulongosola mbali imene asilikali a ku Nyasaland anatengapo, ndiponso kuthandiza ophunzira kuona ubwino ndi kuipa kwa munthu mmodzi yemweyo popanda kukondera.

Dziko limene anabadwira

Asomali ambiri a nthawi imeneyo anali oweta ngamira, nkhosa ndi mbuzi. Ankasamukasamuka kutsata msipu ndi zitsime, ndipo munthu aliyense ankadalira fuko lake kuti limuteteze. Mfumu imodzi yolamulira Asomali onse kunalibe, koma onse anali ndi chilankhulo chimodzi ndi chipembedzo chimodzi, Chisilamu.

Pakati pa 1884 ndi 1886, Britain inachita mapangano ndi akuluakulu a mafuko a kugombe la kumpoto, n'kukhazikitsa dziko limene linatchedwa British Somaliland. Chimene Angerezi ankafuna kwenikweni ndi nyama yodyetsa asilikali awo ku Aden, tsidya lina la nyanja. France inatenga dera la Djibouti, pamene Italy inayamba kulowerera kugombe la kum'mawa m'chaka cha 1889. Chakumadzulo, Menelik wa ku Ethiopia analanda mzinda wa Harar mu 1887, ndipo atagonjetsa Italy ku Adwa mu 1896 mphamvu zake zinakula zedi. Asilikali ake ankalowa m'dera la Ogaden n'kumalanda ziweto za Asomali. Mu 1897 Britain inasainirana pangano ndi Ethiopia limene linasiya mbali ya msipu wa Haud m'manja mwa Ethiopia, eni msipuwo osafunsidwa n'komwe. Tangoganizani: mtundu umodzi wa anthu, maboma anayi achilendo akuugawana.

Ubwana ndi maphunziro

Muhammad anabadwira m'dera la Buuhoodle. Mabuku ambiri amalemba kuti anabadwa mu 1856, ngakhale ena amati 1864. Bambo ake anali shehe wa fuko la Ogaden, pamene mayi ake anali a fuko la Dhulbahante, ndipo iye anakulira kwa amayi akewo. Mfundo iyi muisunge, chifukwa pambuyo pake mafuko awiriwa ndi amene anamupatsa otsatira ambiri.

Analoweza Korani yonse akadali mwana, ndipo asanafike zaka 20 anthu anali atayamba kale kumutcha shehe. Monga ankachitira ophunzira a nthawi imeneyo, anayenda m'mizinda yosiyanasiyana, kuphatikizapo Harar ndi Mogadishu, kufunafuna mashehe odziwa malamulo a Chisilamu ndi Chiarabu. Analinso katswiri pokwera hatchi ndi popeka ndakatulo, zinthu ziwiri zimene Asomali amazilemekeza kwambiri.

Ulendo wa ku Mecca ndi chiphunzitso chatsopano

Cha m'ma 1894 anapita ku Mecca kukachita Haji. Kumeneko anakumana ndi Shehe Muhammad Salih, amene anayambitsa gulu la Salihiyya. Gulu limeneli linachokera m'chiphunzitso cha Ahmad ibn Idris, mmodzi mwa mashehe amene ankalimbikitsa Asilamu kubwerera ku Korani ndi ku chitsanzo cha Mtumiki Muhammad, n'kusiya zizolowezi zimene ankaziona kuti zinangowonjezedwa m'kupita kwa nthawi. Maganizo otere anali ponseponse m'zaka zimenezo. Ku Sudan kunali gulu la Mahdi, limene linalanda Khartoum mu 1885, ndipo ku Libya kunali gulu la Sanusiyya.

Mu 1895 Muhammad anabwerera kwawo n'kukhazikika pa doko la Berbera ngati woimira Salihiyya. Ulaliki wake unali wosanyengerera. Ankadzudzula kusuta fodya, kutafuna masamba oledzeretsa otchedwa khat, moyo wokonda zosangalatsa, ndiponso kupempha madalitso kudzera mwa mashehe amene anamwalira kale. Apa ndi pamene anasemphana ndi gulu la Qadiriyya, limene linali ndi otsatira ambiri mu Berbera ndipo linkalemekeza manda a mashehe. Amene mumadziwa Chisilamu cha ku Malawi mukumbukira kusiyana maganizo pakati pa a Kadiriya, amene amachita sikiri pamaliro, ndi a Sukuti, amene amati pamaliro pazikhala bata. Mkangano wa ku Berbera unali wamtundu womwewo: funso linali lakuti chipembedzo chenicheni n'chiti, ndipo chowonjezera n'chiti.

Amalonda a mu Berbera, amene ankapindula ndi malonda a ku Aden, sanamulandire. Chinanso chimene chinamupweteka mtima ndi mishoni ya Akatolika a ku France, imene inkalera ana amasiye a Chisomali n'kumawaphunzitsa Chikhristu. Kwa iye, ichi chinali chizindikiro choti ulamuliro wa alendo sukungolanda dziko lokha, koma ukulandanso ana ndi chikhulupiriro. Mu 1897 anachoka ku Berbera n'kupita kumudzi, kwa abale a mayi ake.

Kuchoka pa ulaliki kufika pa nkhondo

Kumudziko zinthu zinamuyendera. Ankaphunzitsa, kuweruza milandu ndi kuyanjanitsa mafuko odana, moti poyamba ngakhale boma la ku Berbera linkamuona ngati munthu wothandiza kusungitsa mtendere. Anthu amene ziweto zawo zinkalandidwa ndi asilikali a Ethiopia anayamba kuthamangira kwa iye, popeza Angerezi sankawateteza komanso sankawalola kugula mfuti. Otsatira ake anatchedwa Madervishi. Ankavala nduwira zoyera, ndipo ankayenera kuika chipembedzo ndi mtsogoleri wawo patsogolo, fuko pambuyo. Iwo ndi amene ankamutcha Sayyid, dzina laulemu lotanthauza mbuye.

Mu 1899 boma la ku Berbera linamulembera kalata yofuna kuti abweze mfuti imene linkati yabedwa. Iye anakana mlanduwo, ndipo ubale unathera pomwepo. Mu Ogasiti chaka chomwecho analowa m'tauni ya Burao ndi anthu zikwi zingapo, n'kulengeza jihadi, kutanthauza nkhondo yoteteza chipembedzo, yolimbana ndi alendo olamulira dziko la Asilamu. Angerezi anamutcha woukira boma, ndipo anamupatsa dzina lachipongwe loti Mad Mullah, ndiye kuti shehe wamisala. Mu Malichi 1900 Madervishi anaukira linga la asilikali a Ethiopia ku Jijiga. Anafa ambiri, komabe mbiri yawo inamveka dziko lonse.

Koma onani chinthu china chimene chinayamba nthawi yomweyo. Sayyid ankaona Msomali aliyense wokana kumutsata ngati wothandiza adani a chipembedzo. Garaad Ali, mtsogoleri wa Adhulbahante amene sanafune kumugonjera, anaphedwa ndi Madervishi. Mafuko a Isaaq, amene ankachita malonda ndi kugombe, analandidwa ngamira zambirimbiri. Kuyambira pachiyambi penipeni, nkhondoyi inali ndi nkhope ziwiri: yolimbana ndi atsamunda, ndi ya pachiweniweni.

Asilikali a ku Nyasaland ku Gumburu

Pakati pa 1901 ndi 1904 Britain inatumiza magulu a nkhondo kanayi konse. Maulendo awiri oyamba anatsogoleredwa ndi Eric Swayne. Pa nkhondo ya ku Erego mu Okutobala 1902, gulu lake linagwa m'msampha m'tchire lowirira, ndipo Madervishi analanda mfuti yachiwaya ya mtundu wa Maxim.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika kwathu. Mu Januwale 1902 Angerezi anaphatikiza magulu awo a asilikali achikuda n'kupanga King's African Rifles. Mabataliyoni awiri oyamba anali a ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba, ndipo ambiri mwa asilikaliwo anali Ayawo. Taonani kudabwitsa kwake. Zaka zochepa m'mbuyomo, kuyambira 1891 mpaka 1895, mafumu a Chiyawo monga Makanjira, Jalasi ndi Kawinga anali akumenyana ndi Angerezi omwewa motsogozedwa ndi Harry Johnston, pofuna kuteteza ufumu wawo komanso malonda awo, amene mbali ina anali a akapolo. Mafumuwo atagonja, anyamata a m'madera omwewo anayamba kulembedwa usilikali. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo usilikali unali njira imodzi yozipezera.

Ulendo wachitatu, wa mu 1903, anautsogolera ndi William Manning, yemwe anagwirapo ntchito ku Nyasaland ndipo pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa dzikolo kuyambira 1911 mpaka 1913. Boma la Mchinji kale linkatchedwa Fort Manning chifukwa cha iyeyu. Pa 17 Epulo 1903, mkulu wina wa asilikali dzina lake Plunkett anatuluka mumsasa ndi gulu laling'ono la bataliyoni yachiwiri ya King's African Rifles pamodzi ndi Asikh a ku India. Pafupi ndi phiri la Gumburu anazingidwa ndi Madervishi zikwizikwi, ena pa mahatchi, ena pansi ndi mikondo. Anamenyana mpaka zipolopolo zinawathera. Azungu onse amene ankatsogolera gululo anaphedwa, ndipo onse pamodzi amene anafa anali pafupifupi 200. Ayawo ochepa okha ndi amene anabwerera kumsasa, ambiri a iwo ali ovulala.

Taganizirani mofatsa za anyamata amenewa. Ena mwa iwo anali Asilamu, ndipo anafera kutali ndi nyanja ya kwawo, akumenyana ndi Asilamu anzawo amene sanalakwirane nawo kanthu. Umo ndi momwe ulamuliro wa atsamunda unkayendera: mtundu wogonjetsedwa dzulo ndi umene unkatumidwa kukagonjetsa wina mawa. Dandaulo lotere ndi limene John Chilembwe anadzalemba mu Novembala 1914, podzudzula zoti anthu akuda azikafera m'nkhondo zosawakhudza.

Mu Januwale 1904 Angerezi anabwera ndi gulu lalikulu kwambiri motsogozedwa ndi Charles Egerton. Ku Jidbali Madervishi anamenyana pamtetete, ndipo mfuti zachiwaya zinawapulula. Malipoti a Angerezi amati anafa pafupifupi 1,000. Sayyid mwini wake sanagwidwe. Anathawira chakum'mawa, kudera limene Italy inkati ndi lake.

Pangano la Illig ndi kugawanika

Mu Malichi 1905 Sayyid anasainirana pangano ku Illig ndi nthumwi ya Italy, Giulio Pestalozza. Anapatsidwa dera m'chigwa cha Nugaal kufikira kunyanja, ndipo Britain inavomereza. Zaka zotsatira anazigwiritsa ntchito kusonkhanitsa mfuti ndi mahatchi, kulemba makalata kwa mafuko ndi kupeka ndakatulo.

Chaka cha 1909 chinali chowawa kwa iye. Adani ake anapita ku Mecca n'kubwerako ndi kalata imene ankati yachokera kwa mphunzitsi wake, Shehe Muhammad Salih, yomudzudzula kuti akupha ndi kulanda katundu wa Asilamu anzake. Kalatayo inagwedeza msasa wonse. Ena mwa otsatira ake anapangana zomugalukira, koma chiwembucho chinaululika ndipo atsogoleri ake ambiri anaphedwa. M'chaka chomwecho Shehe Uways al-Barawi, mtsogoleri wotchuka wa Qadiriyya amene chiphunzitso chake chinafalikira mpaka ku Zanzibar ndi ku Tanganyika, anaphedwa ku Biyoley ndi anthu a mbali ya Madervishi. Mkangano umene unayamba ndi mawu mu Berbera unafika pokhetsa magazi a shehe.

Zaka za njala ndi malinga a ku Taleh

Boma la ku London linatopa ndi kutaya ndalama pa dziko losapindulitsa. Mu 1910 linachotsa asilikali ake kumtunda konse n'kuwabweza kugombe, ndipo linagawa mfuti kwa mafuko amene linkati ndi abwenzi ake kuti azidziteteza okha. Zotsatira zake zinali zoopsa. Mafukowo anayamba kuthirana nkhondo okhaokha, Madervishi nawo akulanda ziweto, kenaka kunagwa njala yadzaoneni. Akuluakulu a boma la Britain anayerekeza kuti mwa amuna atatu alionse m'dzikomo, mmodzi anafa m'zaka zimenezi. Akulu akale sananame kuti nkhondo simanga mudzi. Mlandu wa imfa zimenezi uli pa onse awiri, Angerezi amene anamwaza mfuti n'kuchoka, ndi Sayyid amene sanachitire chifundo mafuko omukana.

Pofuna kubwezeretsa bata, Angerezi anapanga gulu la apolisi okwera ngamira motsogozedwa ndi Richard Corfield. Pa 9 Ogasiti 1913 gululi linakumana ndi Madervishi ku Dul Madoba, ndipo Corfield anaphedwa. Cha nthawi yomweyi Sayyid anamanga likulu lake ku Taleh, malinga akuluakulu a miyala amene amisiri ochokera ku Yemen anathandiza kumanga. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, anayesa kugwirizana ndi Turkey komanso ndi Lij Iyasu, wolamulira wa Ethiopia amene ankakomera mtima Asilamu. Koma Iyasu anachotsedwa pampando mu 1916, ndipo chiyembekezo chimenecho chinatha.

Ndakatulo ngati chida

Simungamumvetse Sayyid mukaiwala ndakatulo zake. Chisomali chinalibe kalembedwe kovomerezeka mpaka 1972, choncho uthenga unkayenda pakamwa. Iye ankapeka ndakatulo zazitali za mtundu wa gabay, anthu ake osankhidwa n'kuziloweza, ndiye zinkafalikira pazitsime ndi m'misika mwamsanga kuposa kalata. Ndi ndakatulo ankalimbikitsa otsatira ake, kunyoza adani, kukopa mafuko okayika ndi kudziteteza pa milandu imene ankamuneneza. Yotchuka kwambiri ndi imene anapeka Corfield atafa. Ngakhale Asomali amene amadana ndi zochita zake amavomereza kuti ndi mmodzi mwa alakatuli aakulu m'chilankhulo chawo.

Ndege za 1920 ndi imfa yake

Malinga a miyala anali abwino poteteza ku mfuti, koma anamumanga pamalo amodzi munthu amene mphamvu yake inali kusamukasamuka. Nkhondo ya dziko lonse itatha, Britain inatumiza ndege 12 za Royal Air Force ku Berbera. Pa 21 Januwale 1920 ndegezo zinayamba kuponya mabomba pa msasa wake ku Medishe, asilikali apansi akutsatira pambuyo. Mu Febuluwale Taleh inagwa. Nkhondo imene inavuta kwa zaka 20 inatha m'milungu itatu, ndipo Angerezi anatengapo phunziro loti ndege ndi njira yotchipa yolamulira maiko awo, njira imene anakaigwiritsanso ntchito ku Iraq.

Sayyid anathawira ku Ogaden n'kuyesa kusonkhanitsanso anthu, koma nthomba inapha ambiri mumsasa wake ndipo mafuko odana naye anamulanda ziweto zotsala. Angerezi anamutumizira uthenga woti agonje, iye anakana. Anamwalira ndi fuluwenza ku Imi, m'mbali mwa mtsinje wa Shebelle, mu Disembala 1920. Adani ake sanamugwirepo m'manja.

Momwe amakumbukiridwira

Somalia italandira ufulu mu 1960, maboma ake anamutenga Sayyid ngati tate wa mtundu, munthu woyamba kuyesa kugwirizanitsa Asomali kupyola malire a mafuko. Ku Mogadishu kunaimikidwa chipilala chake ali pa hatchi, ndipo ndakatulo zake zinasindikizidwa n'kumaphunzitsidwa m'sukulu. Koma kumpoto, pakati pa zidzukulu za anthu amene analandidwa ngamira ndi kuphedwa abale, alipo ambiri amene amamukumbukira ngati munthu wankhanza. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni.

Zoti muganizire pophunzitsa

Ana a kuno amadziwa kale za Chimurenga choyamba cha 1896 ndi 1897. Amadziwa za Mfumu Chingaira Makoni wa kuno ku Manicaland, amene anawomberedwa ndi atsamunda mu 1896, ndiponso za Mbuya Nehanda amene ananyongedwa mu 1898. Yambirani pamenepo. Athandizeni kuona kuti kuno ndi ku Somalia komwe, chipembedzo chinapatsa anthu mawu ndi kulimba mtima kokanira ulamuliro wa alendo, koma chimene chinayatsa moto chinali kulandidwa kwa malo ndi ziweto.

Samalani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, musaphunzitse ngati kuti kukonza Chisilamu ndi kunyamula mfuti ndi chinthu chimodzi. Mashehe ambiri a nthawi imeneyo ankafuna kukonza chipembedzo kudzera m'madarasa ndi m'mizikiti basi, ndipo ena mwa amene anamutsutsa kwambiri Sayyid anali mashehe anzake, mpaka mphunzitsi wake yemwe. Chachiwiri, musalole dzina lachipongwe limene atsamunda anamupatsa kuti liweruze mlandu m'malo mwa ana. Munthu wamisala sangayendetse gulu la nkhondo zaka 21. Komanso musabise magazi a Asomali amene iye anakhetsa pofuna kuti aoneke ngwazi yopanda banga. Mwana amene waphunzira kusunga mfundo ziwirizi pamodzi waphunzira mbiri yeniyeni.

Ntchito

1. Jambulani mapu a dera la Somalia, Ethiopia ndi Djibouti, ndipo muonetsepo Berbera, Burao, Jijiga, Taleh ndi Aden.

2. Fotokozani zinthu zitatu zimene Sayyid ankadzudzula mu ulaliki wake ku Berbera, ndi chifukwa chimene anthu a m'tauniyo sanamulandirire.

3. Kodi n'chiyani chinachititsa anyamata a ku Nyasaland kukamenya nkhondo ku Somalia? Lembani ndime ziwiri.

4. Yerekezani Sayyid ndi Mfumu Chingaira Makoni. Akufanana pati, nanga akusiyana pati?

5. Konzani phunziro la mphindi 35 limene gulu lina la ophunzira lidzaimire Madervishi, lina mafuko amene analandidwa ziweto, lina asilikali a ku Zomba. Lembani mafunso amene mudzafunse gulu lililonse, ndipo mutumize chikonzerocho kwa mlangizi wanu pamodzi ndi mayankho a mafunso enawo.